Lolemba limene ndidamulanda Felisita

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene nsanje idandigwira zenizeni, ndipo amene ndinkamuchitira nsanjeyo anali msuweni wanga Felisita.

Kwathu ndi ku Lizulu. Amene adafikako akudziwa kuti msewu wa tala uja ndiwo malire: mbali ino ndi Malawi, ukangowoloka uli ku Mozambiki. Ife tinkakhala mbali ino. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankakhala tsidya linalo ndi Felisita, mwana wawo woyamba. Chichewa chathu chinali chimodzi, maliro tinkalira limodzi, msika unali umodzi, koma maboma anali awiri, ndipo boma lililonse linali ndi masiku ake opuma.

Ine ndinkaphunzira ku Malawi, Felisita ku Mozambiki. Ndiye taganizani, m'mawa kukuzizira, nkhungu ili tolo, ine ndikuthamangira belu milomo itauma, tsidya la msewu Felisita wakhala pathumba la mbatatesi, wafunda chitenje, akutafuna nzimbe. Akangondiona ankakuwa kuti, "Feriyadu lero, achimwali! Mukatilembereko!" Feriyadu ndiye tchuthi m'Chipwitikizi cha kusukulu kwawo. Chinali chisuweni chabe, kuseleulana kwathu kwa masiku onse, koma ine zinkandidya moyo. Masiku ake opuma ndinkawasunga mumtima onse, anga ndinkawaiwala akangodutsa. Komanso mtsikanayo anali ndi mutu. Ankawerenga Chipwitikizi mothamanga, Chichewa adadziphunzitsa yekha m'mabuku anga, ndipo amayi anga omwe sankatopa kunena kuti, "Uzionera mnzako Felisita." Mawu amenewo ndinkadana nawo kwabasi.

Chimene aliyense pabanja pathu ankadziwa n'chakuti sukulu ya Felisita inali pa ulusi. Amalume anali ndi madimba awiri a mbatatesi ndi kabichi, manja ogwira ntchito anali ochepa, ndipo za mwana wamkazi kusukulu sankaziwerengera kwenikweni. Adamulola chifukwa amayi anga adawakakamiza. Koma adaika lamulo lawo pamaso pa tonse: "Tsiku limene ndidzamve kuti wajomba dala, sukulu yathera pomwepo."

Chaka chimenecho tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lawo lidagwera Lamulungu. Kudali ng'oma tsidya linalo, mbendera, ana asukulu akuguba, Felisita ali kutsogolo akuimbitsa nyimbo. Ine ndidaonerera ndili chilili m'mbali mwa msewu.

M'mawa mwake, Lolemba, amayi adandituma kuti ndikasiye khasu kwa amalume ndisanapite kusukulu. Ndidapeza zinthu zitavuta pabwalo. Felisita adali asanavale yunifomu, amalume ataima pakhomo akumufunsa.

"Chikondwerero chinali dzulo, tonse tinachiona. Lero ukupumiranso chiyani?"

"Aphunzitsi ananena, ababa. Tchuthi chikagwera Lamulungu, boma limachikankhira Lolemba."

"Boma liti lopereka tchuthi kawiri?"

Atandiona adandikodola. "Bwera kuno, Nangozo. Iwe umadziwa kuwerenga. Tandionera pakalendalapo."

Kalendalayo idali pakhoma m'chipinda chochezera, yokhomedwa ndi msomali, pamwamba pake chithunzi cha munda wa chimanga. Amalume adaipatsidwa kusitolo ya feteleza mbali yathu ino. Inali kalendala ya ku Malawi, yopachikidwa m'nyumba ya ku Mozambiki, ndipo iwo sankadziwa kuti zimenezi zili ndi kanthu. Kwa iwo kalendala inali kalendala basi: tsiku lofiira n'lopuma, lakuda n'lantchito.

Ine ndinkadziwa. Ndinene poyera, ndinkadziwa zonse. Aphunzitsi athu adatifotokozera kuti masiku a tchuthi sagwa kumwamba, amakhazikitsidwa ndi lamulo la dziko, dziko lililonse ndi akeake, ndipo kwathu kuno tchuthi chikagwera kumapeto a sabata timapuma Lolemba. Ifenso tidapumapo Lolemba lotero chaka chomwecho. Kudali kungonena kuti, "Amalume, kalendala iyi si yakuno." Koma ndidayang'ana Felisita, ndidakumbukira dzulo lake akuimbitsa nyimbo anthu akumuwombera m'manja, ndidaganiza za ine ndemwe wopita kukakhala pansi pozizira m'kalasi iye akuwothera dzuwa tsiku lachiwiri. Ndidaloza ndi chala.

"Lakuda, amalume. Palibe tchuthi."

Sindidaname, tsikulo lidalidi lakuda. Ndi mmene ndidadzitonthozera ndikuwoloka msewu. Mumtima ndinkati amukalipira, mwina amukwapula kamodzi, amuthamangitsira kusukulu akapeze zitseko zotseka, ine ndidzamuseke madzulo. Ndidafika kusukulu ndili wosangalala, ndipo tsiku limenelo ndidayankha mafunso ambiri.

Pobwerera masana ndidamuona Felisita kudimba la kumunsi, atanyamula zitini ziwiri zothirira. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu amayi adamva nkhani yonse kwa akazi a amalume, ndipo adawoloka msewu mpango uli m'manja. Anthu oyandikana nawo adali atawauza kale amalume kuti mwanayo sadaname, ana onse adapumadi Lolemba lija. Koma amalume adali atalankhula pamaso pa anthu, ndipo kubweza mawu kwa iwo kudali ngati kuvula malaya pamsika. Adangoti, "Ndamva, achemwali. Athandize kaye kuthirira, tikakumba mbatatesi abwerera." Mbatatesi zidakumbidwa, padalowa kabichi. Kabichi atatha, mvula idagwa.

Amayi sadandimenye, ngakhale ndikadakonda akadandimenya. Adandikhazika pamkeka n'kundifunsa funso limodzi.

"Unkadziwa kuti kalendala ija ndi yathu yakuno?"

Ndidangowerama.

"Mayo ine! Ndimakutumiza kusukulu kuti uzikatenga nzeru zopweteka nazo abale ako?"

Pa 6 Julaye, tsiku la ufulu wa dziko lathu, anzanga akupita kukaonera magule ndi mpira, amayi adandidzutsa m'mamawa n'kundipatsa chitini. "Tchuthi chako ukachidyere kudimba kwa amalume ako." Ndidathirira tsiku lonse pambali pa Felisita, madzi ozizira akundidontha m'miyendo, matope akuterera. Ndinkadikira kuti anditukwane, kapena andiseleule monga kale. Iye ankangotunga, kuthira, kutunga, kuthira. Dzuwa litapendeka adandifunsa, osandiyang'ana, ngati ndingamubwerekeko buku langa la Chichewa ndikamaliza nalo. Ndidalira mpaka mamina.

Madzi akatayika sawoleka. Felisita sadabwererenso kusukulu. Adakwatiwa ali wamng'ono, ndipo lero amagulitsa mbatatesi ndi kabichi pamsika pomwepo, Lolemba mpaka Lamulungu. Ine ndidapitirira, ndidakhala mphunzitsi, ndimaphunzitsa kufupi ndi Nzama. Chaka chilichonse ndimaima kutsogolo kwa ana n'kuwafotokozera mmene lamulo limaikira masiku a tchuthi, chifukwa chake tsiku lina limasunthira Lolemba, chifukwa chake anzathu tsidya la malire amapuma ife tikugwira ntchito. Phunziro limeneli ndimaliphunzitsa bwino, koma sindilikonda.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti wolakwa ndi amalume ndi kuuma mutu kwawo, kuti akadapezabe chifukwa china. Mwina n'zoona. Koma chifukwa chimene adachipeza ndidawapatsa ndine, ndipo ndidachipereka ndi mtima wonse. Ndazindikira mochedwa kuti nsanje siifuna bodza lalikulu. Imangofuna kuti munthu wodziwa akhale chete pa kanthu kamodzi.

Chaka chatha ndidalimba mtima. Ndidakhala pansi ndi Felisita kuseri kwa milu ya mbatatesi, ndidayamba kupepesa. Adandimvetsera mpaka ndidamaliza, akupukuta dothi m'manja ndi chitenje chake.

"Usadzivute, msuweni," adatero. "Unali mwana."

Mtima udayamba kutsika. Kenako adandiyang'ana m'maso.

"Koma unkadziwa."