Tcheyamani M'chipinda Chojambulira

Matipate atangoyamba, ine ndinkagwira ntchito m'chipinda chojambulira pachipatala china cha mishoni m'mapiri a Dowa. Yanga inali kugoneka odwala pathebulo ndi kuonetsetsa kuti sakugwedezeka makina akamajambula.

Tsiku lina kunabwera kamtsikana ka zaka zinayi kochokera cha ku Ntchisi, kali ndi chotupa kuseri kwa diso. Adokotala anati kapite ku Joni, komwe kunali makina owotcha chotupa ndi cheza, koma a kumeneko ankafuna kaye zithunzi za mutu zooneka bwino. Ana otere tinkawakulunga m'nsalu, kuwaika timatumba ta mchenga uku ndi uku kwa mutu, lamba pachipumi. Akangosuntha pang'ono, chithunzi chaonongeka.

Mwanayo anabwera ndi mayi ake komanso bambo ake, amene anali atangosankhidwa kukhala tcheyamani wa nthambi ya chipani. Bambowo analowa ndi jekete, baji pachifuwa, ngati abwera kudzatsegulira mlatho. Ataona lamba anakweza dzanja.

"Zomangana zinathera ku ndende ya Dzaleka," anatero. "Mwana wanga ndi mfulu. Ndimuuza ine, amvera."

Anaima kumapazi kwa thebulo n'kuyamba kulalikira mwana wa zaka zinayi za kulimba mtima. Mwana analira, kuphiriphitha. Filimu yoyamba inaonongeka, yachiwiri chimodzimodzi. Wojambula anati yatsala imodzi yokha, pamene pabenchi panja panali anthu othyoka miyendo akudikira. A tcheyamani anati vuto ndi makina athu, a nthawi ya chipani chimodzi.

Mayi aja anatembenukira kwa ine. Kenaka anandifunsa mokweza ndithu: "Achemwali, ndinamva kuti cheza chimenechi chimapha mphamvu za abambo akaima pafupi. N'zoona?"

Ndinawayang'ana m'maso. "Ena zimawachitikira," ndinayankha.

A tcheyamani anayang'ana wotchi. Anakumbukira kuti ali ndi msonkhano, ndipo anatuluka chotsogoza msana, chipewa ataphimbira kutsogolo kwa thalauzi.

Mayiwo anamasula chitenje chawo, tinamukulunga mwana mpaka m'mapewa. Ndinawaveka epuloni yolemera ya mtovu, iwo n'kugwira chibwano cha mwana ndi zala ziwiri, akumunong'oneza za mbuzi yake imene inali itangoswa. Ine ndinamanga lamba. Chithunzi chinatuluka chooneka bwino.

Mwanayo anapitadi ku Joni ndi mayi ake. Diso analichotsa, koma anabwerako wamoyo.

Chaka chotsatira ndinakagula mtedza pa Chisepo n'kupeza msonkhano wa chipani. A tcheyamani anali pathebulo, akuuza anthu mmene analimbanirana ndi madokotala mpaka mwana wawo anakwera ndege. Anthu anaomba m'manja, ena kululutira. Mayi aja anali kumbuyo kwa gulu, mwana ali pamwendo. Atandizindikira anandipatsa moni wa manja awiri, n'kundifunsa ngati ndadya.