Anandiuza kuti ndakula

Ku Halale ine sindinapite chifukwa chokulakalaka ayi. Ndinapita ndi mkwiyo, ndipo amene anandikwiyitsa ndi atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi. Tsiku lina mmawa tikusoka khoka ndi abambo pansi pa mango kwathu kwa Maganga, iwo anafika, nkukhala pa bwato lakale, nkundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Iwe, ndevu zimenezo uzigona nazo m'mphala ndi tiana mpaka liti? Wakula. Munda uno ngwa alongo ako, malo omanga ngawo omwe. Tsidya la damboli kuli atsikana. Kakwatire, ukamange kumeneko."

Amayi anatuluka m'nyumba akutsokomola. Chifuwa chimenecho chinali chitawayamba m'dzinja lapitalo ndipo sichinkamva mtengo uliwonse.

"Achimwene, mwana wa dzulodzuloyu akakwatire? Nanga abambo ake maso akuchita chifunga chonchi, bwato apalasa ndi yani?"

Ndinatembenukira abambo kuti mwina anenapo kanthu. Zii! Anangowerama, nkumamanga mfundo za khoka ngati makutu awasiya kunyanja. Kwathu kuno mwana si wa bambo wake, zimenezo ndinkazidziwa. Abambo anali mkamwini, anachokera ku Chinguluwe kudzakwatira amayi, ndipo mkamwini salowerera nkhani za mbumba ya eni ake. Komabe kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa mawu a atsibweni. Ndinati mumtima, chabwino, ndichoka, koma chikamwini sindikachiyenda. Ndinatenga chitupa, nkukwera sitima pa Salima pamodzi ndi Che Saidi, mkulu wina wa ku Senga Bay amene anali atazolowera njira ya ku mapulazi.

Lero anyamata akamandifunsa kuti munthu ayenera kuchoka liti pakhomo pa makolo, ndimangoseka. Ine ndinachoka nthawi yake, koma ndinalowera kolakwika. Sitima isanafike nkomwe ku Balaka, mkwiyo unali utatha, mmalo mwake munalowa mantha. Ndinakumbukira chinthu chimene aliyense pamudzi ankachidziwa koma osachitchula: mkazi akamwalira, mkamwini amamusudzula, nabwerera kwawo. Nanga amayi chifuwacho chikawatenga, abambo ndi maso awo aja akagwira mtengo wanji? Kwawo anachokako ine ndisanabadwe.

Ntchito ndinaipeza pa pulazi ya fodya, kutali ndi tawuni. Yanga inali yosonkhezera moto m'mabani mmene ankawotcheramo fodya. Moto ukachepa kapitawo akukalipira, ukachuluka fodya wapsa, akukalipiranso. Ha! Ndinkagona zikuni zili m'maso. Dziko lakenso louma, lopanda pomwe munthu ungayime nkuona madzi mpaka kutopa. Tsiku lina ndinagula timatemba touma pa sitolo ya pulaziyo, osati kuti ndidye, koma ndizingonunkhiza. Anzanga anandiseka mpaka misozi, amvekere, "MNyasa uyu wapenga, akufunsira nsomba." Ndinaseka nawo, koma kunena zoona ndinkasungulumwa koopsa.

Ndalama zake zinali za mwana. Ukagula bulangete, mwezi watha. Ukalipira msonkho, wina watha. Kangachepe kotsala ndinkakamanga pa kansalu nkupatsira Che Saidi, popeza iwo chaka ndi chaka ankabwerera kumudzi kukamanga mwezi wa Ramazani ndi ana awo. Kulemba sindinkadziwa, kwathunso kunalibe woti awerenge, ndiye uthenga wonse unkayenda pakamwa pa mkuluyo. Akabwera ndinkawathamangira asanatule ndi katundu yemwe.

"Amayi ali bwanji?"

"Alhamdulillahi, akudzuka. Ati uzifunda, kuno kumazizira."

"Nanga abambo?"

"Kunyanja anasiya. Amangoluka miono pakhonde, chofufuza ndi zala. Afunsa ngati wapeza mkazi."

Funso limenelo linkandinyansa. Chaka chilichonse lomwelo: wapeza mkazi? Ndinkati nawonso abambo ayamba kuyankhula ngati atsibweni. Ndinkayankha mwamwano kuti akawauze kuti ndinakwatira fodya. Kubwerera ndinkakufuna, koma manyazi! Ndikafike ndi chiyani, bulangete limodzi? Ndinkati chaka chamawa, ndikagula njinga ndi jekete, atsibweni akaone kuti amene anamupirikitsa uja ndi munthu. Chaka chamawacho chinkangosendera kutsogolo, ndipo ku mudzi anayamba kundiwerengera pamodzi ndi matchona.

Kenaka kunabwera chaka cha njala chija, Che Saidi osabwerako. Mvula inagwa, fodya tinathyola, tinawotcha, iwo kuli zii. Aliyense wochokera ku Nyasalande ndinkamugwira malaya kumufunsa za kwa Maganga, koma wina wa ku Dedza, wina wa ku Mulanje, angadziwe bwanji? Pamene mkuluyo anatulukira chaka chinzakecho, atawonda ngati bango, sanadikire kuti ndifunse. Anandigwira paphewa.

"Limba mtima, mwanawe. Mayi ako anatisiya nthawi ya njala. Kumeta anameta kale."

"Abambo ali kuti?"

Anayang'ana pansi. "Ndinamva kuti anawasudzula."

Sabata yomweyo ndinasiya ntchito. Njinga ndinalibe, jekete ndinali nayo, ndi sutikesi ya malata. Ulendo wonse, pa lole mpaka pa sitima, ndinkangodzinamiza kuti mwina Che Saidi anamva molakwika. Munthu wakhala pamudzi mpaka imvi, wamanga nyumba, wabzala mango, wadyetsa mudzi wonse chambo, angamuuze kuti nyamukani?

Ndinafika kwathu dzuwa lili paliwombo. Nyumba ya amayi anali ataigwetsa monga mwa mwambo, pamalopo pali maungu. Mlongo wanga Nabanda anandilandira ndi kulira, amuna ake ataima potero, munthu amene sindinkamudziwa nkomwe. Atsibweni anabwera ndi ndodo, nawonso atakalamba. Ndinali nditakonzeka kuwalalatira, koma anandiyankhula mofatsa.

"Sitinawathamangitse, mphwanga. Tinawasudzula mwaulemu, tinati akhoza kukhala ndi ana awo aakazi. Anakana okha. Anati sangamadyere m'manja mwa akamwini anzawo, njala ili chonchi. Ukanakhala ndi khomo lako pafupi, bwenzi zili zina."

Mmawa mwake ndinauyatsa wapansi kupita ku Chinguluwe. Mudzi wa abambo ndinachita kufunsira, ndipo mmenemo owadziwa anali ochepa. Alongo awo onse anali atapita kale. Mayi wina, mdzukulu wa mlongo wawo, anandilozera ndi mlomo kanyumba kakumapeto, kopanda chitseko chenicheni. Inali mphala. Abambo anga, munthu wa imvi, ankagona ndi anyamata osakwatira, chifukwa mwamuna wopanda mkazi alibe nyumba pamudzi pa alongo ake.

Ndinawapeza atakhala pakhomo pake, maso ali mbee. Nditawapatsa moni anandizindikira mawu. Anandifufuza kumaso ndi zala, nkugwira jekete ija, nkugogoda sutikesi.

"Chitsulo chabwino. Wabwera ndi mkazi?"

"Iyayi, bambo. Koma ndabwera kudzakutengani."

"Unditengere kuti? Nyumba ili m'sutikesimu?"

Kenaka mkwiyo wakale uja unabwerera, ndinayamba kudandaula kuti zonsezi ndi atsibweni, akanapanda kundipirikitsa bwenzi ndili pafupi. Abambo anapukusa mutu.

"Alamu anga usawanene. Ndinawatuma ndine. Ine ndikanakuuza bwanji, poti mwana si wanga? Chifuwa cha amako ndinkachimva ndine, ndinadziwa kumene chikupita. Ndinati mwanayu akakwatira tsidya la dambo, namanga, apongozi ake sangandimane kakhonde. Sindinkadziwa kuti ukamva zoti wakula uthawira kwa Azungu."

Ndinakhala pansi pafumbi, jekete ndi yonse. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti andichotsa pakhomo chifukwa ndachuluka, chonsecho nkhalamba inkandituma kuti ndikaikonzere pofikira. Pakhomo pamene ndinkalimbira kuti mpathu sipanali pawo, sipanalinso panga. Ndinalira ngati mwana, anthu akudutsa.

Anandisiya mpaka nditatonthola. Kenaka anafufuza ndodo yawo, natambasula dzanja.

"Basi, kulira kwakwana. Anyamata eni nyumbayi apita kubusa, sabwera msanga. Ndigwire dzanja, undiperekeze kuthengo."