Tsamba Loyamba Linali la Amayi

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, nyengo ya manachesi. Ndinali nditayala mabuku anga pamphasa kuseri kwa nyumba kuti apitidwe mphepo, monga ndinkachitira chaka chilichonse mvula ikatha. Akazi anga ndiwo anatsegula. Ndinamva mwamuna akufunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi alipo?" Ulemu umenewo ndi umene unandiopsa, chifukwa kwathu ku Thambani munthu sagogoda m'mawa, amati odi ali kale pakhonde.

Anali apolisi awiri ndi amuna atatu a chitetezo cha m'mudzi. Kunja kwa mpanda kunaima anthu ambiri, ali chete. Sinditchula dzina la aliyense. Ena anamwalira, ena timapemphera tchalitchi chimodzi mpaka lero. Izi zinachitika patapita zaka zingapo dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri, nthawi imene tinkauzana kuti zomangidwa chifukwa cha buku zinapita.

"Tabwera kudzakutengani kuti tikusungeni," anatero wapolisi wamkuluyo. "Mabukuwa tipita nawo. Makamaka lija mumalembetsamo anthu."

Ndinali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo matenda anga anali mabuku akale. Anzanga ankaweta nkhumba, ine ndinkaweta mapepala. Ndinali ndi mabuku a nyimbo osindikizidwa ku mishoni bambo anga asanabadwe, katekisimu wa Chinyungwe amene anabwera ndi anthu othawa nkhondo ku Mozambiki, ndi maulaliki olemba pamanja a mlaliki wina wakale. Zonse ndinkazisunga m'bokosi lachitsulo pamwamba pa njerwa, nditaika masamba a fodya pakati kuopa chiswe ndi njenjete. Akazi anga ankati bokosilo ndi mkazi wamkulu, iwo ndi wamng'ono.

Koma limene apolisi ankafuna linali lina, lachikuto cholimba, lamasamba opanda mizere. Ndinkayenda nalo panjinga kwa anthu okalamba: aphunzitsi oyamba, azamba, amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni. Aliyense ndinkampatsa tsamba lake kuti alembe dzina ndi dzanja lake, ndi mawu aliwonse amene akufuna. Ndinkaona kuti munthu akafa, zovala amagawana, nyumba imagwa, mawu ake timawaiwala, koma dzanja lake papepala limakhala momwe analisiyira.

Tsamba loyamba linali la amayi anga. Anaphunzira kulemba ku sukulu ya kwacha ali ndi imvi kale. Moyo wawo wonse ankadinda chala. Tsiku limene ndinawapatsa bukulo anayamba ayeserera pansi ndi kamtengo, kufufuta ndi phazi, kuyesanso. Kenaka anasamba m'manja, nagwira cholembera ngati akugwira singano. Zilembo zinatsetsereka kutsikira kumunsi kwa tsamba, ndipo atamaliza anaseka mpaka misozi. Palibenso pepala lina padziko limene amayi analembapo. Anamwalira chaka chotsatira.

Chaka chimene ndinamangidwacho, okalamba atatu amene analemba m'bukumo anamwalira motsatizana. Womaliza anali madala wina wa dera la Nthache, wa ku migodi, amene anatsikira kuli chete mwezi usanathe chilembereni. Pamaliro pomwepo mwana wake wamwamuna, wootcha makala, anaimirira nanena kuti aliyense wolemba m'buku la aphunzitsi amafa, ndipo maina ndimakawapereka kwa a satana. Ndinamva mphekesera zimenezi ndipo ndinaseka. Sindinadziwe kuti zafika poti anthu agula kale petulo.

Potuluka pakhomo, palibe anakuwa. Mwala umodzi wokha unagunda chitseko cha galimoto ya apolisi. Ndinaona ana amene ndinawaphunzitsa kuwerenga, tsopano ali ndi ndevu, akundiyang'ana ngati sanandionepo. Apolisi anandikweza m'galimotomo.

Kupolisi anandivula lamba ndi nsapato, nandilowetsa m'chipinda chokhala ndi tebulo limodzi. Wofufuza milandu anali mnyamata wochokera boma lina, wa Chingerezi chabwino. Bukulo sanaligwire ndi manja. Ankatembenuza masamba ndi nsonga ya cholembera.

"Uyu ali moyo?"

"Anamwalira, bwana."

"Uyu?"

"Nayenso."

"Nanga bwanji onse akungofa?"

"Bwana, ndimapita kwa okalamba."

"Bwanji simupita kwa achinyamata?"

"Achinyamata ndidzawapeza. Okalambawa ndi amene akutha, ndiye ndimafulumira."

Anaika cholembera pansi nandiyang'ana. "Ndiye kuti mumadziwiratu kuti afa."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti chilichonse choona chimene ndinganene chizindimanga. Anatulutsa buku lina la nyimbo, lopanda chikuto, nati anamva kuti ndinapereka mbuzi kuti ndilipeze. Ndinavomera. Ndinayesa kufotokoza kuti buku silikwera mtengo chifukwa cha kukongola, koma chifukwa cha zaka zake, kusowa kwake, ndi dzanja limene linalembamo. Ndinamuonetsa timawu ta pensulo m'mphepete, ta mlaliki amene ankayenda wapansi kukalalikira kutsidya kwa malire.

"Mbuzi yamoyo, pa buku lothaitha ngati ili?" anatero. "Madala, munthu wabwinobwino sapereka mbuzi pa pepala. Alipo amene akukutumani. Tiuzeni ndani."

Kenaka anabwerera kutsamba loyamba. "Awa ndani?"

"Amayi anga."

Wapolisi wina amene anaima kumbuyo kwanga anati, "Ndi momwe amachitira. Amayambira pakhomo."

Zimene zinatsatira sindizilemba zonse. Ankafuna dzina la wondituma, ndipo ine ndinalibe dzina loti ndiwapatse. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

M'chitokosi munali modzaza, anthu kugona chammbali, ndowa ili pakona. Koma mbiri yanga inali itandiyambira kulowa. Mkulu wa m'chitokosimo, womangidwa pa mlandu wa ng'ombe, analengeza kuti, "Aliyense asamuuze dzina mdalayu. Akakufunsa, ungoti ndine uje." Anandisiyira malo aakulu pafupi ndi khoma, palibe wofuna kundikhudza. Ndinali ndekha womangidwa amene ankagona motambasuka, ndipo ndinazizidwa kuposa onse, chifukwa m'mwezi wa Juni bulangete la m'chitokosi ndi thupi la mnzako. Wina akatsokomola, onse ankatembenukira kwa ine. Ndinkapemphera kuti pasapezeke wodwala, chifukwa ndinkadziwa kuti wina akafa mmenemo, sindidzaona khomo.

Masiku ndinasiya kuwawerenga. Kukhoti sananditengere. Akazi anga ankabwera ndi chakudya, ndipo wapachipata ankachivundula ndi kamtengo asanandipatse. Anandiuza kuti mawindo a nyumba anaswedwa, mitengo ya manachesi anadula, ndipo iwo akugona kwa achimwene awo pa Boma. Sanalire. Anangoti, "Bambo, atati ndisankhe pakati pa inu ndi bokosi lija, ine ndasankha kale."

Sabata yachitatu, Lolemba, monga ndinamva pambuyo pake, anandiitana kwa mkulu wa apolisi. Anali munthu wachikulire, wotopa, ndipo anandipatsa mpando.

"Aphunzitsi, mlandu mulibe," anatero. "Ine ndikudziwa, inu mukudziwa. Lamulo silidziwa za maina operekedwa kwa satana. Nditha kukutulutsani lero lomwe. Koma kodi mukafika kunyumba?"



Anati anakambirana ndi a chitetezo cha m'mudzi ndi akuluakulu a mpingo. Mabuku osindikiza andibwezera, chifukwa akulu a mpingo anakana kuti nyimbo za Mulungu zipite pamoto. Koma buku la maina liwotchedwe pagulu. Banja lililonse lidzang'ambe tsamba la m'bale wake ndi kuliponya lokha pamoto, kuti dzina lichoke m'manja mwanga. Zikatero anthu alonjeza kuti sadzandikhudza.

"Bwana, ndipempheko tsamba limodzi lokha," ndinatero. "Loyambalo. Banja lake ndi ineyo."

"Limenelo ndi limene akulifuna kwambiri. Akuti muponye ndi dzanja lanu, onse akuona."

Ndinapempha tsiku loti ndiganize. Kunena zoona panalibe choganiza. Ndinkaopa kufa, ndipo ndinkaopa imfa ya petulo kuposa imfa ina iliyonse. Ndinabwerera m'chitokosi, ndinakhala pamalo panga paja, ndipo ndi chala ndinayesa kulemba dzina la amayi pasimenti momwe iwo analembera, kutsetsereka kutsikira kumunsi, kuti dzanja langa lisunge. Anzanga ataona anadzikundikira kukhoma linalo.

Analiwotcha Lachinayi m'mawa, pabwalo pafupi ndi msika. Anandiimika pafupi ndi moto, wopanda lamba, nditagwira buluku ndi dzanja limodzi. Wapolisi ankaitana mabanja. Okalamba amene anali moyo anabwera okha ndi ndodo zawo. Mayi wina, mzamba wakale amene anandipatsa nkhuku tsiku limene analemba, anang'amba tsamba lake osandiyang'ana. Ndinaona kuti nayenso ali ndi mantha, ndipo mantha ake sanali pa ine.

Wootcha makala uja anabwera chakumapeto. Anang'amba tsamba la bambo ake mwaukali, naliyang'ana kanthawi, kenaka anawerama pamoto. Utsi unali wambiri, ndipo ine maso anali pansi.

Linatsala tsamba limodzi. Anandipatsa bukulo, lopepuka tsopano ngati chikuto chokha. Ndinang'amba pang'onopang'ono, motsata ulusi, monga munthu wozolowera kusamala pepala, ngati kuti kusamalako kunali ndi ntchito. Ndinaliyang'ana komaliza. Kenaka ndinaliponya. Pepala lakale siligwira nthawi pamoto.

Mkulu wa chitetezo cha m'mudzi anati, "Basi, zatha. Aphunzitsi ndi munthu wathu." Anthu anabalalika kupita kumsika. Wapolisi anandibwezera lamba ndi nsapato pomwepo, nandiuza kuti ndisaine kuti ndalandira katundu wanga. Dzanja linakana. Ndinapempha inki, ndinadinda chala.

Ndinatuluka, ndipo lonjezo lawo analisunga. Palibe anandiponyeranso mwala. Anthu amandipatsa moni, ena amandifunsa za khutu ngati linadwala lokha. Ndikamva pa wailesi akunena za ufulu, ndimavomereza kuti ulipo: ndimapita kumene ndikufuna, ndimavota, ndimagona pabedi panga. Koma ndinaphunzira kuti boma likhoza kukumasula anthu a pamudzi pako asanakumasule, ndipo chitseko chachiwiricho chimatsegulidwa ndi chimene umachikonda kwambiri. Ndinasiya kuyenda kwa okalamba. Ambiri apita, ndipo manja awo apita nawo.

Mvula ya chaka chotsatira itayamba, tsiku lina masana ndinamva odi pakhonde. Anali wootcha makala uja, atavula chipewa. Ndinayang'ana kumpanda ngati kuli anthu. Anali yekha. Anakhala pansi, osati pampando, natulutsa m'thumba la malaya kapulasitiki ka shuga. M'katimo munali pepala lopindapinda, lodera ndi utsi mbali imodzi.

"Aphunzitsi," anatero, maso ali pansi, "chiswe chayamba kudya m'mphepetemu. Mumatani kuti chisadye?"

Ndinalitambasula. Linali dzanja la bambo ake, dzina lokhala ndi mchira wautali pansi, momwe anaphunzirira kwa kalaliki wa ku migodi.

"Sindinathe kuliponya pamoto," anatero. "Sindinkadziwa kuti bambo amalemba chonchi. Ine sukulu sindinapite. Mundiwerengereko pansipo."

Ndinamuwerengera. Bambo ake analemba kuti anapita ku Joni wapansi, anabwera ndi njinga, ndipo njingayo adzasiyira mwana wake wamwamuna. Anapukuta nkhope ndi chipewa. Njingayo ndi imene anaitsamiritsa pampanda wanga, ili ndi matumba awiri a makala.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga chitini chouma cha mkaka ndi masamba a fodya m'bokosi langa. Ndinamuuza kuti achotse pulasitiki chifukwa imasunga chinyezi, asalipindenso, ndipo chitinicho achiike pamwamba, kutali ndi khoma. Anamvetsera bwino, nabwereza zonse kuti asaiwale.

Atafika pampanda anatembenuka. "Nanga la amayi anu, aphunzitsi, simunabise?"

"Munalipo," ndinatero. "Onse munkayang'ana dzanja langa."