Mayi Thovu ndi Botolo Losalembedwa

Zoti Mayi Thovu anasiya ntchito ku labu chifukwa mankhwala anawaononga maso ndi bodza lamkunkhuniza. Maso amenewo amaona nsabwe m'mutu mwa munthu ali tsidya la msewu.

Dzinali analitengera pa sinki, pomwe anatsuka mabotolo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mu labumo anthu ophunzira ankaphika timibulu tosaoneka ndi maso, topaka pa magalasi a sola kuti dzuwa lisanduke magetsi. Ukatiphula msanga, madzi ake achikasu. Ukachedwa pang'ono, bii ngati phula. Mayi Thovu sukulu anailekeza panjira, koma lamulo lawo ngakhale Pulofesa, mkulu wa labuyo, ankaliopa: botolo lakuda siligona pa tebulo.

Munali mtsikana wina wochita kafukufuku, ankamutcha Kamagalasi. Iye ankawaitana Mayi Thovu kuti azakhali.

"Azakhali, sopo ameneyu mudzakwatiwa naye?"

"Bola sopo, mwanawe, sabwera kunyumba ataledzera."

Miyezi isanu ndi itatu Kamagalasi akungophika n'kutaya. Lachisanu lina zinatheka: makina anaonetsa timibulu tofanana msinkhu, togwira dzuwa kuposa tonse tam'mbuyo. Chimwemwe chinamuiwalitsa kulemba pa botolo. Analisiya pafupi ndi sinki, liwiro kukauza Pulofesa, mpaka kuwerukira komweko. Pansi pa botolo panali kadothi kofiirira, ngati zotsalira m'kapu ya tiyi.

Mayi Thovu, poliona ngati lakuda, analitsukuluza ndi asidi, kenako madzi, mpaka mbee!

Lolemba Pulofesa anasonkhanitsa onse.

"Alipo waona botolo la mwanayu?"

Mayi Thovu anangoti maso pa magolovesi awo. Mtima unkati nenani, koma mantha akuti ntchito ithera pompa.

Kamagalasi anaphikanso miyezi itatu, osatheka. Manong'onong'o anayamba, ati zija zinaoneka pa makina anachita kupeka. Pulofesa naye analeka kumuyankha moni. Tsiku lolongedza katundu kuti achoke pa labupo, mtsikanayo anapita pa sinki atanyamula kapu yake.

"Azakhali, muzimweramo tiyi. Inu nokha muno simunandiseke."

Mayi Thovu anailandira ndi manja awiri.

Chaka chisanathe nawonso anapachika epuloni. Pano amakhala kwa mwana wawo, ndipo mbale sakhudza. Mpongozi wawo amati ndi ulesi wa ukalamba, iwo osatsutsa.

Chinawachotsa pa ntchito n'chakuti anatsuka botolo la mwana wa eni, n'kumulekerera kuti atchedwe wabodza.