Agogo ndi mpanda wa ku Luchenza

Dengu lija linali lalitali, lazingwe ziwiri zoberekera kumsana, ndipo fungo la tiyi wamuwisi silinkachoka ngakhale mulitsuke chotani. Agogo, mayi awo a amayi anga, anabwera nalo kwathu ku Luchenza atasiya ntchito yothyola tiyi ku esiteti, nyumba ya kampani itapatsidwa wina. Amayi anali mphunzitsi, ndiye anati, "Mwagwira kokwanira, bwerani mudzapume." Kupuma kwake kunali kukhala pakhonde tsiku lonse, kuonerera akabaza. Aliyense wodutsa ankamupatsa moni, koma oyankha anali ochepa.

Mvula itagwa, mpanda wamaluwa wozungulira nyumba yathu ya lendi unaphukira. M'mawa wina ndinapeza agogo dengu lili kumsana, manja onse awiri akuthamanga pamwamba pa mpanda: masamba awiri ndi kansonga, n'kuponya kumbuyo osacheuka. Ankayimba m'Chilomwe, koyamba chibwerereni. Zala zawo zinali zakuda, zong'aluka ngati zidendene. Masambawo analibe ntchito. Dengu likadzaza ankakakhuthula kudzala, mawa n'kuyambiranso.

Anzanga popita kusukulu anaona. "Iwe, agogo ako akuthyola tiyi wa mbuzi?" Manyazi ake ndinachita kusowa pobisa nkhope. Pajatu ine ndinali mwana wa aphunzitsi, wovala nsapato, wodzimva kwambiri. Tsiku lililonse ndinkalirira amayi kuti anthu akuti kwathu kuli wamisala. Lero ndikaganiza, mpanda wathu ndiwo unali wosalala kuposa yonse mumzere wa nyumba zathu, koma makutu anga anali kwa anzanga basi.

Amayi anayamba ndi kuwachonderera. "Kuno ndi kutauni, amayi. Anthu aziti sindikukusamalani."

Agogo anangoti, "Nanga manjawa ndiwaike pati, mwanawe?"

Loweruka lake amalume anabwera ndi chikwanje, n'kugwetsa mpanda wonse, kutsala zitsa zokhazokha. Ine ndi amene ndinkakoka nthambi, uku ndikuyimba mluzu. Chimwemwe changa cha tsiku limenelo chimandipweteka mpaka lero.

Agogo sanakangane ndi munthu. Anabwerera pakhonde, nyimbo zija zii, ndipo m'dengu tinayamba kuponyamo zovala zoti zichapidwe. Mvula isanathe anapempha kuti akawasiye kwa mng'ono wawo ku Khwethemule. Sanadzagonenso m'nyumba mwathu. Powaperekeza, amayi analira pa siteji ya basi, anthu akuona, iwo omwe ankaopa maso a anthu.

Koma chimene sichindichoka m'mutu ndi masiku aja asanapite. Atakhala pakhonde, maso ali pa zitsa, zala zawo zinkangotsinatsina chitenje pamaondo, kutsina n'kuponya paphewa, kutsina n'kuponya paphewa. Ine ndinkaseka. Ndinkayesa akuchotsa nyerere.