Vinyo Amene Sindinalavule

Ine vinyo sindimwa. Ndinakulira mu mpingo umene kungoima pafupi ndi botolo kumakufikitsa kwa akulu ampingo. Ndiye nditapeza ntchito m'kasitolo kogulitsa vinyo ku Hillhead, mnzanga wa kukwaya anandikokera pambali titatuluka m'tchalitchi. "Sisi, zoona munapanga apply ku shopu ya mowa?" Ndinamuyankha kuti ku Glasgow kuno munthu sadya nyimbo.

Chimene chinandipulumutsa ndi mwambo wa ntchitoyo. Polawa vinyo sumeza. Umanunkhiza, kumwa pang'ono, kuzunguza m'kamwa, n'kulavulira m'kachidebe. Mwini sitoloyo, mayi wachikulire wa konkuno, ankati ndimalavula bwino kuposa antchito ake onse. Zaka ziwiri ndinalavula mokhulupirika, chikumbumtima chili mbee.

Tsiku lina masana, kukuwaza kamvula kosatha kaja, kunabwera bambo wina wa ku California, manja okhakhala ngati a munthu wa khasu. Anabweretsa vinyo wofiira wotchedwa Zinfandel, wa m'kamunda ka banja lawo, kuti timulawe. Anationetsa zithunzi pa foni. Mipesa yake sinali yoyanga pa mawaya ayi. Inali yaifupi, yokhotakhota, makungwa ong'ambika, uliwonse uli pawokha.

"Anabzala ndi agogo anga," anatero. "Imabereka pang'ono kwambiri. Oyandikana nafe anazula yawo kalekale n'kubzala yatsopano, koma amayi anga anakana. Mphesa zake n'zochepa, koma kukoma kwake simungakupeze pa mpesa wanthete."

Kwathu ku Mwanza malemu bambo anasiya mitengo ya manachesi kuseri kwa nyumba, imene anabzala ine ndisanabadwe. Ankaidziwa umodziumodzi. Unalipo wina pafupi ndi chulu, wa manachesi ang'onoang'ono a khungu lopyapyala, amene ankatiletsa kugulitsa. Amenewo anali odya ife. Ukasenda limodzi m'mawa, fungo linkakhala m'zala mpaka kusukulu.

Sabata ziwiri m'mbuyomo, achimwene anga, amene anatsala pakhomopo, anali atandiimbira. Anati mitengo yakalamba, sikuberekanso zooneka, akufuna adule kuti abzale ina. Ine ndinali ndikuthamangira sitima yoyenda pansi pa nthaka. Ndinangoti, "Zili bwino achimwene, chitani mmene mwaonera." Munda wa bambo ndinauweruza pa masitepe, tikiti ili m'manja.

Sindinadikire kuweruka. Ndinasiya mlendo akulankhula, n'kutuluka ndi epuloni yomwe, kukaimba foni nditabisala mvula pakhomo la sitolo ina.

"Achimwene, mitengo ija musadule. Olo umodzi wokha, wa pachulu uja, muusiye."

Kumbuyo kwawo ndinkamva nkhuku ndi wailesi, phokoso la pakhomo pathu penipeni.

"Aa, chemwali, mesa munavomera nokha? Tinamaliza Lolemba. Nkhuni zake tawotchera njerwa."

"Ndi wa pachulu womwe?"

"Umenewo ndiye tinayambira. Unali utafumbwa m'kati."

Ndinafuna kuwakalipira, koma ndikanati chiyani? Amene amapalira mundawo ndi iwo. Ine ndili kuno zaka zisanu ndi ziwiri, kulakalaka manachesi amene sindinapiteko kukathyola ngakhale kamodzi. Ndinawafunsa za alamu ndi ana, n'kudula foni.

Nditalowa, ndinapeza mlendo uja atandithirira kale m'tambula. Ndinanunkhiza. Sindinama kuti ndinamva manachesi, ayi. Ndinamva fungo la nthudza zakupsa kwambiri, katsabola pang'ono, ndi fumbi la m'chilimwe. Ndinaganiza za mayi uja anakana kuzula, amene sindidzamuonapo, ndipo ndinamuchitira nsanje. Iyenso achibale ayenera kuti anamuuza zanzeru zomwezo, koma anaima kaye n'kumvetsera asanayankhe. Bambo anga ndinawasowa pamenepo kuposa tsiku la maliro awo, amene ndinawaonera pa foni m'chipinda changa ku Gorbals.

Ndinamwa pang'ono n'kuzunguza m'kamwa monga ndinaphunzitsidwira. Mwini sitolo anandikankhira kachidebe kaja osayang'ana n'komwe, poti ankandidziwa. Ndinakayang'ana kanthawi. Za mitengo yokalamba ndinali nditataya zokwanira mwezi umenewo. Ndinameza.