Lata Lotchinga Mphepo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene msuweni wanga Mabvuto anabwera kwathu ku Chamboli kuchokera ku Katete. Atate, atasiya ntchito ya mumgodi, ankawotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinakulira pomwepo. Ndinkadziwa kuti m'botolo lalitali lija munali gasi wotchedwa agoni, amene amaphimba chitsulo chosungunuka kuti mpweya wakunja usachikhudze. Ndinkadziwanso kuti lata limene Atate ankaimika pambali linali lotchinga mphepo kuti isauluze gasiyo. Koma ndinali mtsikana. Mabvuto, wobwera dzulodzuloli, ndiye anavekedwa helemeti yowotcherera kuti aphunzire ntchitoyo.

Nsanje inandidya, sindibisa. Atate akati, "Dzanja lako ndi labwino, mwana wa mlongo wanga," ine mtima unkachita kuwawa ngati ndameza tsabola.

Tsiku lina mu Ogasiti kunabwera bambo wina wa ku Ndola, wofuna mnyamata woti amuphunzitse ntchito pamalo pake. Akakhutira ndi msoko wolumikiza zitsulo umene Mabvuto awotcherere pamaso pake, amutenga. Akapanda kukhutira, Mabvuto abwerera kumudzi kukalima. Mphepo inali kuwomba ndi fumbi lake la kumgodi. Onse atatseka nkhope ndi magalasi akuda, moto utayamba kuthetheka, ndinakankha lata lija ndi phazi. Pang'ono chabe.

Msokowo unatuluka wakuda, wodzaza timabowo ngati mkati mwa buledi. Mlendo anangoukanda ndi chala, n'kutsanzika. Mabvuto anayang'ana manja ake, misozi ili lengelenge.

Atate anayang'ana msoko, anayang'ana lata, kenako ine. Ndinadikira mbama, koma sinabwere. Madzulo anandipeza ndikutsuka mbale.

"Iwe Tisa, pa nyumba pano odziwa ntchito ya lata lija tilipo awiri," anatero. "Ndinkayesa kuti sumaona. Kani umaona zonse."

Mabvuto anakwera basi mwezi usanathe, akukhulupirira kuti dzanja lake ndi lomwe linanjenjemera. Helemeti inakhala yanga, koma Atate sanandiyamikirepo msoko ndi umodzi womwe mpaka kumwalira kwawo.

Lero ndimawotcherera mapaipi ku Ndola, ndipo ndisanayatse moto ndimayamba ndamva kumene mphepo ikuchokera. Ndazindikira kuti dzanja labwino palokha silikwanira ngati wina wakuchotsera chotchinga. Mabvuto amanditumizira mtedza chaka chilichonse, ndipo amauza anthu a ku Katete monyadira kuti msuweni wake ndi amene anabadwa ndi dzanja la ntchitoyi. Mtedzawo ndimadya, koma za lata sindinamuuzebe.